Ganyu ya K30 ku Lobi: lipoti la kafukufuku ndi zomwe likutiuza ife oyendetsa ntchito za mthandizi

Lipotili ndalemba kamba ka mkangano umene sukutha m'mamiting'i athu, ife amene timayendetsa ntchito za mthandizi zija anthu amagwira n'kulandira ndalama, kaya ndi kulambula msewu wa m'mudzi, kukumba migula yokolola madzi, kudzala vetiva kapena mitengo. Nthawi zonse wina akangoti malipiro achepa tikwezeko, yankho limakhala lomwelomwelo, lakuti "koma anthu akuchita kulimbirana malo mpaka kukangana, nde kuti ndalamayo ili bwinobwino". Ine mfundo imeneyi sindigwirizana nayo olo pang'ono, ndipo si nkhani ya chifundo chokha ayi, pali kafukufuku amene anachitika konkuno kwathu amene anayeza nkhani yomweyi mwadala, ndiye ndati ndiilembe yonse bwinobwino kuti anzanga a m'makhonsolo ndi a m'mabungwe tikamakangana tizikhala ndi poyambira pamodzi.

Zomwe zinachitika ku Lobi

Mu 2009, nyengo yachisanu ija anthu atakolola kale, katswiri wa zachuma wa ku America, mayi Jessica Goldberg, amene pano amaphunzitsa pa University of Maryland, anachita kafukufuku m'midzi 10 ya ku Lobi m'boma la Dedza. Pachiyambi penipeni analemba mayina a anthu akuluakulu 529, abambo ndi amayi omwe, ndipo kwa masabata 12 otsatizana aliyense mwa anthuwa amapatsidwa mwayi wogwira ntchito tsiku limodzi pa sabata, ntchito ya khasu ya chitukuko cha m'mudzi momwemo. Ukafuna umabwera, ukapanda kufuna umakhala, sabata yamawa mwayi wako ulipobe. Chimene chimasintha chinali malipiro basi. Otsikitsitsa anali K30 pa tsiku, okwereratu K140, pakatipa amakwera ndi K10 K10, ndiye mitengo yonse inalipo 12 ngati masabata aja, mudzi umakumana ndi mtengo wina sabata ino wina sabata yamawa mosatsata ndondomeko iliyonse chifukwa amachita kusankha mwa maere. Anthu amauzidwiratu kuti ntchito ikubwerayi ndi ya ndalama zakuti, ndipo amalandira tsiku lomwelo akaweruka, pamanja, popanda zoti dikirani cheke chisainidwe kaye.

Achinyamata a lero akamva K30 sangamvetse, koma tikumbuke kuti nthawi imeneyo dola imodzi inali pafupifupi K140, nde malipiro apamwambawo anali ngati dola imodzi, apansiwo masenti 21 a dola. Mitengoyi sanangoitola m'mutu. Mutatenga malipiro a maganyu 100 a m'midzi nthawi imeneyo n'kuwandandalika kuyambira wotsikitsitsa, K30 inali cha pa nambala 10 ndipo K140 cha pa nambala 90. K30 inali ndalama yoti olo pa nthawiyo munthu amadziwa mumtima kuti apa akundidyera masuku pamutu.

Mwina wina afunsa kuti za maerezi zinali zofunika chani, bwanji osangoyenda ndi mafomu kufunsa anthu kuti mumalandira zingati ndipo mumagwira masiku angati. Vuto lake ndi lakuti m'mudzi mtengo wa ganyu susintha wokha. Ukamakwera kapena kutsika ndiye kuti nyengo yasinthanso, chimanga cha m'nkhokwe chatha kapena chilipo, olemba aganyu achuluka kapena achepa, ndiye ukaona anthu ambiri akugwira ganyu mu Januwale sungadziwe ngati chawakoka ndi mtengo kapena chawathamangitsa pakhomo ndi njala. Komanso ukamufunsa munthu kuti "pa K50 mungagwire?" amakuyankha zoti akusangalatse kapena zoti mtengo ukwereko, ife amene tinayendapo ndi mafomu timazidziwa zimenezi. Koma mtengo ukasankhidwa ndi maere, anthu ali omwewo, ntchito ili yomweyo, nyengo ili imodzi, kusiyana kulikonse pa kabweredwe ka anthu kwachokera ku mtengowo basi. Mphamvu ya kafukufukuyu ili pamenepa.

Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2016 m'magazini ya akatswiri a zachuma ya ku America. Pa malipiro otsikitsitsa aja, K30, anthu 74 pa 100 aliwonse anabwera kudzagwira. Pafupifupi atatu mwa anayi aliwonse! Ndiye poti ambiri anali atabwera kale pa mtengo wapansi, kukweza mtengo sikunawonjezere anthu ambiri. Azachuma ali ndi muyeso wake umene amati elasticity, ndipo ku Lobi unatuluka 0.15, kutanthauza kuti malipiro ukawakweza ndi 10 peresenti anthu obwera amangowonjezekera ndi 1.5 peresenti yokha. China chodabwitsa n'chakuti nambalayi sinasiyane kwenikweni pakati pa abambo ndi amayi, kapena pakati pa anthu malinga ndi zinthu zimene ofufuza amatha kuona ndi kulemba pa fomu. M'maiko olemera kafukufuku wambiri wakale amaonetsa kuti amayi apabanja ndi amene amasintha kwambiri kagwiridwe ka ntchito malipiro akasintha kuposa abambo, koma ku Lobi ayi ndithu, mayi ndi bambo onse anangonyamula khasu.

Nambala imeneyi ikutiuza chani

Apa ndi pamene ine ndi anzanga ena timasiyana. Iwo akaona 74 amati mwaona, anthu akumudzi safuna zambiri. Ine ndikaona 74 ndimaona kuti m'nyengo imeneyo tsiku la munthu wa ku Lobi linalibe wina wolifuna. Munthu akamasankha kugwira ntchito amayerekeza ndalama yomwe akupatsidwa ndi chimene akanapeza akanapanda kubwera, nde ngati K30 inapambana ndiye kuti mbali inayo kunalibe chogwirika, palibe amene amalemba anthu, minda ili mapesi okhaokha. Ndipotu tikunena za Lobi, dera limene anthu amalima mbatatesi, tomato ndi anyezi m'madimba, osati dera louma lopanda pogwira. Ngati kumeneko zinali choncho, nanga kumadera opanda madambo kuli bwanji?

Za amayi zija tisazimve molakwika. Kuti mayi anabwera chimodzimodzi ndi bambo sizikutanthauza kuti anali ndi nthawi yongokhala yofanana. Madzi atunga kaye, nkhuni zake, phala la ana, kuchigayo, zonsezi sizinachoke chifukwa kwabwera ganyu, amangoziunjika m'mamawa ndi madzulo kapena kumusiyira mtsikana wamkulu amene mwina tsiku limenelo kusukulu sapita. Ntchito zimenezi palibe amene amazilipira ndiye pa masamu a K30 sizioneka, koma zilipo, ndipo amene tikukonza maola a ntchito tizizikumbuka.

Amene munakhalapo pa tsiku lolemba mayina mukudziwa mmene zimakhalira. Amfumu alengeza madzulo, m'mawa 6 koloko isanakwane pabwalo padzadza kale, amayi ana kumsana, chitupa cha unzika atachikulunga m'kapulasitiki ka shuga n'kumanga pa nsonga ya chitenje, agogo oti khasu sangalikwanitsenso nawonso ali pamzere akuti ndilembeni mdzukulu wanga azidzandigwirira. Mwa anthu onsewo ofunsa kuti malipiro ndi zingati amakhala ochepa kwambiri, mafunso amakhala akuti "dzina langa lilipo?" ndi "tidzalandira liti?". Ndiye munthu n'kutenga mzere umenewu kukaulemba mu lipoti la kwa ma dona ngati umboni woti malipiro ndi okwanira, ine zimandiwawa kwambiri.

Pali chiphunzitso china chimene timachimva m'ma wekishopu, choti malipiro a ntchito za mthandizi azikhala otsika dala, kutsika kuposa ganyu wamba, kuti opezako bwino azichokapo okha atsale osaukitsitsa, potero boma silivutika ndi kusankha anthu. Papepala ndi nzeru yabwino. Koma nzeruyi imagwira pokhapokha ngati opezako bwinowo ali ndi kwina kopita, ndipo za ku Lobi zikuonetsa kuti m'nyengo yopanda ntchito kumunda kutsitsa mtengo sikusefa anthu, kumangochepetsa ndalama imene wosaukitsitsa uja apite nayo kunyumba. Masamu ake ndi osavuta. Mukakweza malipiro ndi 10 peresenti, anthu n'kuwonjezekera ndi 1.5 peresenti, ndalama yonse yolowa m'mudzi imakwera ndi 11 peresenti ndi kanthu, ndipo pafupifupi yonseyo ikupita kwa anthu omwe akanabwera kale. Mukatsitsa, mzere uli chomwecho, chatsika ndi ufa wa m'nyumba zawo. Ndipo poti malo amakhala ochepa kuposa ofuna, kusankha kumabwererabe kwa komiti ndi amfumu, ndi zija timaziona zoti dzina limodzi akugawana anthu awiri kapena atatu kuti pasakhale wodandaula.

Ndisanapitirire, kafukufukuyu ali ndi malire ake ndipo tisamukokere kumene sanafike. Inali ntchito ya tsiku limodzi pa sabata, m'mudzi momwemo popanda thiransipoti, malipiro tsiku lomwelo. Munthu atha kupereka tsiku limodzi pa mtengo wotsika poti masiku ena 6 ali nawo a kudimba, kuumba njerwa, kumweta udzu wofolera ndi kupita kumaliro, koma sizikutanthauza kuti angavomere mwezi wathunthu pa mtengo womwewo. Komanso mwa zimene ine ndaona, bungwe likafika m'mudzi anthu ena amabwera kuti nkhope yawo izidziwika, mwina kutsogolo kudzabwera zazikulu. Ndipo chachikulu kwambiri, inali nyengo yoti kumunda kulibe ntchito. Amene angatenge 0.15 ija kukaigwiritsa ntchito pa Disembala kapena Januwale waphonya kotheratu.

Nanga mu Januwale?

Dziko lathu mvula yake ndi imodzi, Novembala mpaka Epulo, ndiye ntchito yonse ya kumunda imaunjikana m'masabata ochepa, kudzala, kuthira feteleza, kupalira, kubandira, chilichonse chili ndi nthawi yake ndipo ukachedwa ndi masabata awiri zokolola zimakuuza zokha. Quentin Wodon ndi Kathleen Beegle ataunika manambala a kafukufuku wa mabanja wa NSO, ofesi ya boma yoona za kalembera ndi ziwerengero, wa 2004 anaonetsa zimenezi mu 2006, kuti miyezi yambiri pa chaka anthu akumudzi ntchito imawachepera koma cha mu Disembala ndi Januwale manja amasowa. Ndiye funso loti kodi anthu akusowa ntchito kapena ntchito ikusowa anthu yankho lake likudalira mwezi umene wafunsa. Nchifukwa chake nambala ya ulova ya dziko lonse imatipusitsa. Pa muyeso umene maiko amagwiritsa ntchito, munthu amene wagwira ntchito yolipidwa ola limodzi lokha m'sabata yapitayi amawerengedwa kuti ali pa ntchito, nde mayi wa K30 uja pa fomu ndi wapantchito.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mwezi umene munda ukufuna mwini wake ndi womwewo umene ufa watha m'nyumba. Bambo amadzuka m'mamawa kudutsa munda wake womwe, udzu utafika m'mawondo, chimanga chitayamba chikasu, kupita kukapalira kwa mnzake amene ali ndi chimanga m'nkhokwe. Akafika amamudulira ndime, mizere yakuti kuchokera pa chulu apa mpaka pa mtengo wa mango uwo, n'kugwirizana kuti akamaliza alandira chigoba cha chimanga kapena madeya, pena ndalama, ndipo poti ofuna ganyu tsiku limenelo ndi ambiri iye alibe mphamvu yonenerera. Amatengana ndi mkazi wake ndi ana okulirapo kuti ndime ithe lero lomwe adye madzulo. Mawa chimodzimodzi. Akamadzati abwerere kumunda kwake nthawi yopalira yadutsa, akolola zochepa, ndipo chaka chamawa ufa udzatha msanga kuposa chaka chino. Uyunso pa fomu tilemba kuti wagwira ntchito masiku ambiri mwezi uno, ngati kuti ndi nkhani yabwino.

Anzathu a ku Zambia anayeza mbali imeneyi. M'boma la Chipata, kungodutsa Mchinji, kumene chiyankhulo ndi chomwechi ndipo ulimi wake ndi ngati wathu, Günther Fink, Kelsey Jack ndi Felix Masiye wa pa University of Zambia anachita kafukufuku m'midzi 175, mabanja opitirira 3,000, m'zaka za 2014 ndi 2015. Iwo sanapereke ntchito. M'midzi yosankhidwa mwa maere anapereka ngongole mu Januwale, kwina makwacha 200 a ku Zambia kwina matumba 3 a chimanga a makilogalamu 50, kubweza akakolola, makwacha 260 kapena matumba 4. Mabanja 98 pa 100 anatenga ngongoleyo, ndipo chaka choyamba opitirira 90 pa 100 anabweza. Zotsatira zake, anthu anachepetsa kupita ku ganyu, anathera masiku ambiri m'minda yawo, ena anayamba kulembako okha aganyu, zokolola zinakwera, ndipo poti ofuna ganyu anachepa mtengo wa ganyu m'midzi imeneyo unakwera, moti olo amene anapitabe ku ganyu analandirako bwino. Opindula kwambiri anali mabanja osaukitsitsa.

Ndikaika Lobi ndi Chipata pamodzi ndimaona chinthu chimodzi. Ku Lobi mtengo unawirikiza kanayi n'kupitirira, K30 mpaka K140, kabweredwe ka anthu kanangosintha pang'ono. Ku Chipata ofufuza mtengo sanaukhudze n'komwe, anangoika chakudya m'nyumba, kagwiridwe ka ganyu kanasintha ndipo mtengo unatsatira pambuyo. Ndiye kwa mlimi wamng'ono chimene chikulamula kuti agulitse tsiku lake si mtengo kwenikweni, ndi mwezi umene tili ndi zimene zatsala m'nkhokwe. Tisaiwalenso kuti mtengo wa ganyu ukakwera pali wina amene akulira, mlimi wopezako uja amene amadalira anthu anjala kuti amupalirire motchipa, ndipo nthawi zambiri ndi yemweyo amene ali mu komiti ya chitukuko ya m'mudzi. Izi muziyembekezere musadzadabwe.

Za MASAF, zimene sitikonda kuzikamba

Tsopano pali kafukufuku wina amene amatipweteka ife eni ntchito. MASAF, pulogalamu ya boma ya chitukuko cha m'midzi ndi ntchito za mthandizi, inayamba pakati pa zaka za m'ma 1990 ndi thandizo la World Bank, ndipo mu 2012, kwacha itachepetsedwa mphamvu mu Meyi kuchoka cha pa K167 kufika pa K250 pa dola, boma linakulitsa ntchito za mthandizi kuti anthu apumeko. Malipiro anali K300 pa tsiku, masiku 12 munthu amalandira K3,600, ndipo amene wagwira magawo onse amafika masiku 48. Gawo loyamba analiika dala nthawi yodzala kuti anthu apeze yowombolera feteleza wa makuponi. Kathleen Beegle, Emanuela Galasso ndi mayi Goldberg omwe aja anatsatira pulogalamuyi mu 2012 ndi 2013, nawonso pogwiritsa ntchito maere posankha midzi ndi mabanja, ndipo anayesanso kusintha zina, kwina gawo lachiwiri kuligwira nthawi ya njala kwina nthawi yokolola, kwina kulipira pakamodzi kwina pang'onopang'ono. Zimene anatulutsa mu 2017 n'zakuti anthu ntchito anagwiradi, koma sanapeze umboni woti mabanja ogwira ntchitowo anadya bwino kuposa anzawo kapena kuti anathira feteleza wochulukirapo, ndipo kusintha nyengo ndi kalipiridwe kuja sikunabweretse kusiyana.

Wina atha kunena kuti nanga bwanji ukulimbikira za kalendala pomwe apa anasintha kalendala osaona kanthu. Funso ndi loona ndipo sindilithawa. Mmene ine ndimaonera, K3,600 m'chaka chimene katundu amakwera sabata ndi sabata ndipo chimanga chinadula kwambiri kumayambiriro kwa 2013, inali ndalama yochepa moti kaya uipereke mu Febuluwale kaya mu Meyi imatha osasiya chizindikiro, uku munthuyo wathera mphamvu zake pa msewu, mphamvu zimene zimafunanso nsima kuti zibwerere. Ndiye kukonza kalendala malipiro ali ochepa sikuthandiza, komanso kukweza malipiro ntchito n'kuiika pa nthawi yopalira kungathe kumuchotsa munthu m'munda mwake, ziwirizi zikuyenera kukonzedwa limodzi. Awa ndi maganizo anga ine, ofufuzawo anangonena zimene anapeza ndi zimene sanapeze.

Zimene ndikupempha

Ntchito ya khasu ya chitukuko igwiridwe kuyambira anthu akamaliza kukolola mpaka mvula isanagwe, nthawi imene Lobi yatiuza kuti masiku a anthu alibe wowafuna, ndipo ntchito zathu zambiri monga migula ndi kutseka zigwembe zimafunikanso kuti zithe mvula isanabwere ndiye palibe chotayika. Ku Ethiopia pulogalamu yawo yaikulu ya PSNP, imene inayamba mu 2005, ntchito zake amaziika m'miyezi imene kumunda kulibe zambiri pa chifukwa chomwechi. Kudzala mitengo kokha ndi kumene kumafuna mvula, kumeneko masiku achepe ndipo asagundane ndi kupalira koyamba. Malipiro tisamawayeze ndi kutalika kwa mzere, tiziwayeza ndi mtengo wa chimanga pamsika wa kuderalo, kuti masiku 12 a munthu akugula makilogalamu angati, ndipo nambala imeneyo izilembedwa mu lipoti lililonse pambali pa nambala ya anthu opindula ija timakonda kuionetsa.

Chovuta chimene chimatsala n'chakuti ndalama ya mu Ogasiti siifika Januwale. Imapita ku fizi, ku ngongole ya banki mkhonde, ku maliro, kwa achibale amene amva kuti mwalandira, ndipo sindikuwaweruza anthu pa zimenezi, zosowa pakhomo ndi zambiri ndipo zonse ndi zoona. Apa kafukufuku wa ku Mulanje amandipatsa maganizo. Pa esiteti ya tiyi ya Lujeri, Lasse Brune, Eric Chyn ndi Jason Kerwin anapatsa ogwira ntchito mwayi woti gawo la malipiro awo lizisungidwa kwa miyezi 3 popanda chiwongoladzanja chilichonse kenako alandire pakamodzi, ndipo pafupifupi theka la anthu anavomera mwa kufuna kwawo, ndalamazo n'kupita ku zinthu zikuluzikulu monga kukonza nyumba ndi malata. Anthu amadziwa okha kuti ndalama ya m'thumba siikhalitsa, akungosowa posungira podalirika. Nde n'zotheka kumufunsa munthu pa tsiku lolemba mayina kuti kodi gawo lina tikusungireni mudzalandire mu Januwale, iye asankhe yekha osati kumukakamiza.

Koma kusunga kwacha masiku ano ndi nkhani yoopsa. Mu Meyi 2022 inagwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 inagwanso ndi 44 peresenti, ndipo olo chaka chopanda kugwa kwa ndalama chimanga cha mu Januwale kawirikawiri chimadula kuposa cha mu Juni. Munthu amene tamusungira ndalama mu Ogasiti tikhoza kudzamupatsa yogula theka la thumba pomwe akanagula thumba lathunthu. Nchifukwa chake ine ndimakonda njira ya matumba ija ya ku Chipata, gawo losungidwalo tigulire chimanga nthawi yomweyo chikadali chotchipa, chithiridwe mankhwala kapena chiikidwe m'matumba a PICS aja osalowa mpweya, chikhale m'nyumba yokhoma ya gulu makiyi ali kwa anthu osiyanasiyana, chidzatsegulidwe sabata imene kupalira kwayamba. Izi zili ndi mavuto ake, anankafumbwe, kuba, kukayikirana, komanso a ku akaunti sakonda chifukwa ndalama yogulira chimanga siigwirizana ndi bajeti imene dona anavomereza. Ndipo zonsezi zimagwa ngati ife eni tikuchedwetsa malipiro. Ku Lobi anthu amalandira tsiku lomwelo, pomwe ife pena munthu amagwira mu Seputembala n'kudzalandira Khirisimasi itadutsa, munthu wotere ukamuuza kuti tikusungireni amakana pomwepo, ndipo sakulakwa.

Kwa anzanga a M&E, olondoloza ndi kuunika mapulojekiti, mafomu athu amafunsa masiku amene munthu wagwira pa pulojekiti ndi ndalama zimene walandira, basi. Ndikupempha tiwonjezere mafunso awiri ofunsidwa mu Febuluwale osati mu Okutobala: m'masabata 4 apitawa anthu a pakhomo pano apita ku ganyu masiku angati, ndipo munda wanu mwapalira kangati, liti. Tifunsenso mabanja amene sanalowe mu pulojekiti, a m'mudzi womwewo ndi a mudzi woyandikana nawo, chifukwa popanda owayerekeza nawo chaka cha mvula yabwino tidzadzitama ndi zokolola zoti si ntchito yathu. Ngati malo ndi ochepa kuposa anthu oyenerera, zimene zimachitika pafupifupi nthawi zonse, kuchita maere poyera pabwalo pamaso pa amfumu n'kwachilungamo kuposa kunong'onezana, ndipo kumatipatsa gulu loyerekeza nalo popanda kuwonjezera ndalama ina iliyonse. Wofunsa mafunsowa asakhale kapitawo amene amalemba mayina, akhale munthu wina wochokera kunja kwa mudziwo, apo ayi aliyense adzayankha kuti zinthu zili bwino kuopa kufufutidwa chaka chamawa.